Fiyuzi yomwe sindinagule

Bambo atamwalira anatisiyira nyumba yosamaliza ndi Toyota Hilux yakale ya single cab. Pikapu imeneyi ndi yomwe imatidyetsa. Katatu pa sabata ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha kupita ku Lizulu kukanyamula tomato, kabichi ndi mbatatesi za amayi a geni, n'kubwerera nazo ku Lilongwe dzuwa lisanakwere.

Mdani wa ulendo umenewu ndi tulo. Timasipika ta m'zitseko tinkamezedwa ndi mkokomo wa dizilo, ndiye ndinasunga tindalama n'kugula ampulifaya yakale ndi subwoofer yopyapyala yoti ikwane kuseri kwa mpando.

Amalume anga ndi mmisiri wa zamagetsi a galimoto, koma sindinawauze. Ndinali nditaonera mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha, ndipo ndinkadziona ngati dolo. Komanso, kunena chilungamo, ndinkaopa funso lawo: ndalama zimenezi bwanji osagulira matayala?

Loweruka lina ndinaiyamba ntchito. Waya wonenepa wofiira kuchokera ku positive ya batire, waya wa earth kupita ku chitsulo cha galimoto, kawaya kabuluu ka remote kochokera ku wayilesi kuti ampulifaya iziyaka nayo limodzi, ndi ma RCA onyamula nyimbo. Zonsezi ndinalumikiza bwinobwino. Ndinangodumpha ziwiri. Fiyuzi yoika pafupi ndi batire ankagulitsa payokha, ndiye ndinati ya chiyani, ampulifayayo ili kale ndi yake. Ndipo waya wofiira uja ndinaudutsitsa pabowo la chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu popanda labala wotchingira m'mphepete.

Masabata awiri zinthu zinali mushe. Bezi ikagunda, galasi loonera kumbuyo linkanjenjemera, tulo n'kuthawa.

Tsiku lina tikubwera, titangodutsa Dedza, mayi wina yemwe ndinakhala naye kutsogolo anafunsa, "Achimwene, chikupsa n'chiyani?" Kuyang'ana pansi pa dashibodi, utsi. Ndinaimika pambali, kuzimitsa injini, kuchotsa kiyi, koma utsi osasiya. Apa m'pamene mutu unagwira: wayayo akutenga moto ku batire mwachindunji, kiyi alibe nazo gawo. Ndinatsegula boneti, n'kutenga sipanala ya 10 yomwe bambo ankasiya m'thumba la chitseko. Sindikumbukira kuti ndinamasula bwanji negative manja akunjenjemera chonchija. Ndimangokumbukira fungo la pulasitiki wopsa ndi mayi uja ataima patali, atakumbatira chikwama chake.

Madzulo ake amalume anabwera, nausolola wayayo, wakuda bii ngati chingwe chowauka. Anandionetsa pomwe chitsulo chinkaupala pang'onopang'ono galimoto ikamagwedezeka, mpaka kufika pa kopa.

"Mphwanga, thupi lonse la galimotoli ndi negative. Wofiira akalikhudza, batire imakhuthula mphamvu zake zonse m'wayamo. Fiyuzi ya pa ampulifaya imateteza ampulifaya basi. Ya ku batire ndi yomwe imateteza galimoto ndi iweyo. Isatalikire masentimita 45 kuchokera ku batire."

Amayi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu, "Ikanapsa, fizi ya mlongo wako ikanachokera kuti?" Ndinalibe yankho. Ndinaika pachiswe chakudya cha banja lonse pofuna kupulumutsa ndalama zosakwana n'komwe mtengo wa dizilo wa ulendo umodzi.

Ndinkaganiza kuti amalume anena kuti tizichotse zonse. Iwo anati, "Munthu woyenda usiku amafunika chomudzutsa. Tiike, koma mwaulemu." Loweruka lotsatira tinayambiranso. Choyamba kumasula negative. Waya watsopano wa kopa weniweni, labala pabowo paja, fiyuzi pafupi ndi batire. Wa earth anaufupikitsa, nandipatsa sandipepa kuti ndipale penti mpaka chitsulo chiwale tisanamange bawuti. Ma RCA tinawadutsitsa mbali ina, kutali ndi waya wamoto, ndipo kaphokoso kolira ngati udzudzu ndikaponda mafuta kanatheratu. Ampulifaya tinaisiyira mpata woti izipuma. Pomaliza anatsitsa gain yomwe ine ndinaikhotetsa mpaka kumapeto. "Iyi si voliyumu," anatero.

Titamaliza, amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje, nakhala pampando womwe ankakhala bambo akamayendetsa kupita kutchalitchi. Anati ndiwaikire Alleluya Band, yomwe bambo ankaikonda. Nyimbo itayamba anakhala chete kwa kanthawi, maso ali kutsogolo. Kenako anati, "Tsitsa pang'ono, mwana wanga."

Mpaka pano, ndikatsegula boneti m'mawa kuti ndione oyilo ndi madzi, ndimayamba ndasuzumira kafiyuzi kaja. Sikalira, sikagunda bezi, ndipo palibe mnzanga anayamba wandifunsapo za iko.