Mphwanga, usanyengedwe ndi masamba

Wokondedwa mphwanga,

Ndamva kuti nthambi za bougainvillea ndi hibiscus zimene unazika m'machubu zinaphuka bwino, kenako n'kufota, tsinde litada kunsi. Usadziimbe mlandu kuti uli ndi dzanja loipa. Vuto n'lakuti maso ako ali pa masamba, pomwe nthambi yodula imasowa mizu choyamba. Masamba oyambawo amanyenga: amatuluka ndi chakudya chimene chinali kale m'nthambimo, pansi pasanamere ngakhale kamuzu kamodzi. Komanso tsamba lililonse limataya madzi, amene nthambi yopanda mizu singathe kubwezeretsa. N'chifukwa chake uzisankha nthambi yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, ya mfundo zitatu kapena zinayi. Uidule mmunsi mwenimweni mwa mfundo, poti mizu imakonda kutulukira pamenepo, uyoyole masamba akunsi, ndipo akuluakulu otsalawo uwadule pakati.

Mwina unena kuti nanga bwanji ku Nkhotakota chinangwa amangochizika padzuwa n'kumera? N'zoona, koma mtengo wa chinangwa ndi wonenepa, wodzaza chakudya, ulibe masamba otaya madzi, ndipo amauzika mvula itagwa. Kanthambi ka hibiscus kalibe nkhokwe yotero. Mwinanso uti manyowa ambiri ndi kuthirira mmawa ndi madzulo ndicho chisamaliro. Koma nthambi yopanda mizu idya bwanji manyowawo? Iwo amangosunga madzi, dothi n'kukhala lonyowa kwambiri, mpweya n'kusowa, bala la podula paja n'kuyamba kuola. Ukazula nthambi yofa chonchi, khungwa lake limasendeka ndi chala chokha, likununkha. Mizu imafuna chinyezi chokhala ndi mpweya. Choncho uchulutse mchenga wa kumtsinje, dothi likhale lochepa, uboole chubu kunsi, ndipo uzithirira pokhapokha ukapisa chala n'kupeza kuti pamwamba pauma. Kufota kwa masamba uthane nako povindikira ndi botolo la pulasitiki lodulidwa kunsi, pamthunzi wa mango kapena pakhonde. Ukaliika padzuwa, botololo liphika nthambi.

Chovuta kwambiri ndi kudikira, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi pamene mizu imachedwa. Bougainvillea amatha masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kuposerapo. Chonde usamazule kuti uone, chifukwa timizu tatsopano timaduka msanga. Dikira mpaka timizu toyera tisuzumire pa mabowo akunsi, ndiye uyambe kuzoloweza mbewuyo dzuwa pang'onopang'ono. Moni kwa onse kumeneko.

Ndine malume ako.