Pamzere wa mchere mumsika wa Zomba

Mukalowa mumsika wa Zomba m'mawa, fungo la matemba a ku Chilwa ndi milamba yowamba ndilo limayamba kukulonjerani. Ndinadutsa pa nsombapo, n'kulambalala milu ya tomato ndi anyezi, mpaka ndinafika pomwe mayi ena achikulire anali atayala mchere pamasaka.

"Mukufuna uti, mwanangu? Wamibulu kapena wosalala?"

Ndinawauza kuti ndikufuna wa achali, popeza mango anali atayamba kukhwima. Sanachedwe. Anatapa wamibulu n'kundithira m'manja. Unali wotuwa pang'ono, wonyowa, timibulu take ngati timiyala ta mumtsinje. Mchere wotere ndi wa m'nyanja yamchere. Ku Mozambique, m'madera monga Nacala ndi Mossuril, amatsekera madzi m'maiwe osaya, dzuwa n'kuwaumitsa mpaka mchere utsale pansi. Wina umene timadya kuno umachokera ku Sua Pan, m'dziko la Botswana.

"Uwu susungunuka msanga," anatero mayiwo. "Mukauthira pa mango oduladula, umakoka madzi pang'onopang'ono, mango n'kukhala okukutika. Ndi womwewu timapaka nsomba yotumbula tisanaiyanike."

Pambali pake panali mapaketi a mchere wosalala, woyera mbee, olembedwa kuti muli ayodini. Umenewu umalowerera m'ndiwo nthawi yomweyo, ndipo supuni imodzi imawawa kuposa ya wamibulu chifukwa timchere take timathithikana. Ambiri mwa mapaketiwa amathiramo mankhwala oletsa mchere kugwirana, ndipo n'chifukwa chake madzi a achali amatha kuoneka ambuu mukaugwiritsa ntchito.

Chakumapeto kwa mzerewo ndinapeza timapaketi ta soda. Pamenepo ndinakumbukira chidulo cha agogo: phulusa la zitsononkho za chimanga m'chitini choboola, madzi akudontha pang'onopang'ono m'kambale. Chidulo ndi soda ntchito yake n'kufewetsa therere ndi chigwada, koma mchere umathirwabe pawokha.

Chimene chinandikhudza mtima ndi dzuwa lomwe linkawomba pa milu yosavundikira ija. Ayodini amachepa mchere ukakhalitsa padzuwa kapena pachinyontho. Chonsecho ndiye amateteza munthu ku chithokomiro, n'kuthandiza ubongo wa mwana kukula bwino kuyambira ali m'mimba. Kanthu kosaoneka ndi maso, koma kakasowa mumphika wa tsiku ndi tsiku, banja lonse limavutika mosadziwa.

Ndinagula kambale ka wamibulu ndi paketi imodzi ya wosalala. Mayi aja anamanga uliwonse m'jumbo yake, n'kuwonjezera kadzanja ka basela.

"Wamibuluwu ndi wa mango anu," anatero akundipatsira. "Wa m'paketiwu mukauike m'botolo lotseka, kutali ndi moto. Umenewo ndi wa ana."