Masiku Atatu Podikira Mwera

Ife okhala kuno kumtunda, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo, timaudziwa mwera monga mphepo yozizira imene imautsa fumbi m'misewu ndi kung'amba milomo ya ana. Tikavala juzi, nkhani yatha. Koma kwa anthu a kunyanja mwera ndi mfumu ndithu: ukalamula kuti boti lisachoke, silichoka.

Nyanja ya Malawi inagona motalika kuchokera kummwera kufikira kumpoto, makilomita oposa 500, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700. Mwera umachokera kummwera, nuyenda ndi utali wonse wa nyanja popanda phiri loutchinga. Chifukwa chake funde limene labadwa laling'ono ku Mangochi limanka likula, ndipo pofika ku Likoma lakula zedi. Mphepo imeneyi imaomba makamaka kuyambira May kufikira September, ndipo ikayamba imatha kukhala masiku angapo.

Chaka china, pa tchuthi cha August, ndinapita ku Likoma kukaona mnzanga amene ndinaphunzira naye uphunzitsi. Pobwerera ndinakwera boti la matabwa lopita ku Nkhata Bay, lonyamula anthu ndi matumba a usipa wouma. Titangopitirira chilumba cha Chizumulu, woyendetsa boti, mkulu wa imvi, anayang'ana kummwera, naona madzi atada ndi thovu loyera pamwamba pake. Sanafunse munthu, anatembenuza boti, nalowa nalo pagombe lobisika kuseri kwa chilumbacho, naponya nangula. Pamenepo tinakhala masiku atatu.

Ena anatsika kukapempha malo kumudzi, koma ife amene tinalibe wotidziwa, pamodzi ndi eni katundu, tinatsala m'botimo. Munthu angayese kuti kudikira ndiko kukhala manja lende. Iai, sikutero. Amalinyero anagawana usiku: wina agona, wina ayang'anira chingwe cha nangula, pakuti chikaduka boti likaphwanyika pamiyala. Mnyamata mmodzi anali kukapa madzi ndi chigubu chodula, ndipo ife tinali kumlandira. Matumba a usipa tinawakweza pamatabwa, ndi kuwafunditsa lona.

Chakudya nacho chinafuna nzeru. Aliyense anatulutsa chimene anali nacho: wina ufa wa kondowole, wina mchere, wina shuga pang'ono. Amayi awiri anaphika pambaula imodzi, mwamuna ataigwira kuti ingagwe ndi kugwedezeka kwa boti. Tinadya kamodzi masana, ndi kumwa tiyi madzulo. Usiku tinagona mopanikizana, mphepo ilikulira pamwamba pathu.

Masana anali atali. Ena anasewera bawo pamchenga. Ena anasimba nthano. Mnyamata wokapa madzi uja, atamva kuti ndine mphunzitsi, anadza mwamanyazi nati, "Aphunzitsi, kodi dzina langa limaoneka bwanji likalembedwa?" Ndinatenga khala lozima, ndi kulemba pathabwa. Pofika tsiku lachitatu anali kulilemba yekha, ngakhale zilembo zinali zokhota chifukwa cha mafunde.

Koma tsiku lovuta linali lachiwiri. M'mawa mphepo inaoneka ngati yaleka, ndipo mitima inayamba kuthamanga. Mayi wina anadandaula kuti usipa wake ulikugwira chinyezi, pamene ndalama zogulira anachita kukongola. Bambo wina anali kuthamangira maliro a mlongo wake. Madandaulo awo anali oona, ndipo palibe anawaseka. Ena anasonkha ndalama zoonjezera, napita nazo kwa woyendetsa. Iye anazikana, nati, "Mayi, usipa ukaonongeka mudzagula wina. Bambo, kumudzi kwanu kuli maliro amodzi. Musandipemphe kuti ndiwaonjezere." Anthu anang'ung'udza, ndipo ena anamutcha wamantha. Dzuwa lisanafike paliwombo mwera unabwerera ndi mphamvu yoposa dzulo lake, ndipo onse anakhala chete.

Mantha a mkuluyo ali ndi mbiri yake. Pa 30 July 1946 sitima yotchedwa Vipya, yachitsulo ndi yatsopano, inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anafa. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda mu 1951, ngozi imeneyo itachitika kale. Tsono ngati nyanja inameza chitsulo, nanga thabwa lidzalimba bwanji?

Usiku wachitatu mphepo inagona. Woyendetsa anatidzutsa nthanda isanatuluke, nazula nangula, ndipo tinafika ku Nkhata Bay tonse amoyo. Usipa wina unaonongekadi, ndipo bambo uja anapeza mlongo wake ataikidwa kale. Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo iwo ndiwo anaulipira. Koma anatsika padoko ndi miyendo yawo.

Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Panyanja kudekha kumeneku ndi ntchito ya manja: kusunga chingwe, kukapa madzi, kugawana ufa, ndi kumvera munthu amene amadziwa madzi ngakhale mawu ake akuwawa.

Anzanga owerenga, ambiri a inu mumapita ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota kukagula nsomba zodzagulitsa m'misika ya muno mu Lilongwe. Mukati mukwere boti m'nyengo ya mwera, yambani mwamva chenjezo la a zanyengo pa wailesi. Tengani chofunda ndi kamba wa masiku awiri kapena atatu, ndipo uzani a kunyumba kuti mwina mudzachedwa. Ndipo woyendetsa akati lero sitichoka, musamkakamize ndi ndalama kapena ndi mawu achipongwe. Khalani pansi, mufunse kumene kuli chigubu chokapira madzi.