Makina a liwiro amaona njinga zokha?

Abale anzanga, chindapusa cha pamsewu mukangolipira ndiye kuti mwavomera mlandu. Ine ndidakana.

Lachiwiri lapitali ndikuchokera ku Old Town kupita ku City Centre mumsewu wa Kenyatta, wapolisi wina adaimitsa njinga yanga yamoto. Akuti makina awo awonetsa 78 pomwe malire ndi 60. Chonsechotu nthawi yomweyo chi Prado chakuda chidandipitirira chili fyuu, kulowera cha ku Area 10.

"Bwana, liwirolo ndi langa kapena la Prado ija?"

"Achimwene, musatitayitse nthawi."

Makinawa amaponya mafunde n'kuwerenga amene abwerera, ndipo chigalimoto chachikulu chimabweza mafunde ambiri kuposa kanjinga. Nanga chithunzi chosonyeza nambala yanga? Padalibe.

Ndidati tikaonana kwa majisitireti. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 42, amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Njinga adaigwira maola atatu, koma khobidi sindidatulutse. Pano ndikudikira tsiku la mlandu.

Tidavotera matipate mu 1993 kuti ngakhale wanjinga azitha kufunsa. Inu anyamata a kabaza, yambani mwafunsa umboni musanapise m'thumba.