Mlandu wa Nyali

M'mwezi wa June, caka ca 2023, ndinapita kumudzi kwathu, kufupi ndi Katete, kukaona amai. Dzuwa linandilowera panjira, ndipo nyali ya njinga yanga yamoto inali itafa. Ndinayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka, koma nditafika pamphambano yolowera kwathu, anyamata awiri a nyakwawa anandiimitsa, nandiuza kuti m'mawa ndikaonekere pabwalo. Masiku apitawo njinga ina yopanda nyali inali itagunda mwana pamalo omwewo, motero mudzi unapangana kuti aliyense wocita zotere alipe mbuzi.

Kulakwa ndinalakwa, sindikana ai. Cimene cinandisowetsa tulo ndi funso lina: kodi mlandu umenewu mwini wace ndani? Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo mapepala a malamulo adutsa m'manja mwanga kawirikawiri. Pa nthawi ya Azungu, lamulo la 1936 linapatsa mafumu mabwalo ao, ndipo bwalo lililonse linali ndi malire a dera lace ndi a cilango cimene likanapereka. Mu 1966 mabwalowo analowedwa m'malo ndi ma Local Court, amene oweruza ace asankhidwa ndi Boma. Za pamseu zili m'lamulo la 2002, ndipo wolakwa agwidwa ndi apolisi, naweruzidwa ndi majisitileti. Nyakwawa angathe kuyanjanitsa abale olimbirana munda, koma kulipitsa munthu cifukwa ca nyali ya njinga si mphamvu yace.

M'mawa mwace tinakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Nditaomba m'manja, ndinati, "Zikomo mfumu, ndipo zikomo akuluakulu nonse. Nyali yanga inafadi. Koma mseu uja ndi wa Boma, ndipo mlandu wace suweruzidwa pano. Nditumizeni kwa apolisi, ndikalipe kumeneko."

Bwalo linati zii. Amalume anga anawerama, nayamba kulemba pansi ndi kamtengo. Nyakwawa, nkhalamba imene inandinyamula ndili khanda, anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwana wathu, wanena zoona, sukulu sinakupite pacabe. Koma tsiku lija mwana anagundidwa, majisitileti wako anali kuti? Tinamnyamula ndife pangolo." Pamenepo mau anandithera, pakuti m'mabuku onse amene ndinawerenga munalibe yankho la funso limenelo. Komabe sindinabwerere m'mbuyo. Ndinali kuopa kuti bwalo lolipitsa mbuzi lero popanda lamulo lingadzalande mkazi wamasiye munda mawa, ndipo kufikira tsopano ndikhulupirira kuti manthawo sanali opusa.

Anandimasula. Lolemba lace ndinapita ndekha kwa apolisi, ndinavomera kulakwa, ndinalipa, ndipo anandipatsa lisiti. Ndinabwerera ku nchito mtima uli m'malo, ngati munthu amene wagwetsa mnzace pa kulimbana.

Pa Khrisimasi ndinapitanso kumudzi, nyali yatsopano ikuwala. Poyendera khola ndinaona kuti mbuzi yamathothomathotho, imene amai anali kuikonda koposa zonse, palibe. Ndinafunsa ngati fisi anaigwira. Amai anapitiriza kupeta mphale, osandiyang'ana, nati, "Mwananga, iwe uli ndi lisiti lako ku tauni. Ine ndimatunga madzi pacitsime cimodzi ndi anthu awa."