Njinga Yamoto Yopepuka ya ku Italy Imene Anapangako 500 Cabe

M'dziko la Italy, m'mbali mwa mzinda wa Bologna, muli dera lochedwa Borgo Panigale kumene kuli fakitale ya njinga zamoto ya Ducati. M'caka ca 2020 fakitale imeneyi inatulutsa njinga yamoto yochedwa Superleggera V4, ndipo eni ace analengeza kuti adzapanga 500 cabe za dziko lonse lapansi, iliyonse yokhala ndi nambala yaceyace. Ku America mtengo wace unali madola 100,000. Ambiri a ife sitidzaiona ikupita pa mseu wa kwathu, ndipo palibe amene angaigule ndi ndalama za fodya kapena nshawa za caka cimodzi. Komabe ndaona kuti ndi bwino tikambirane za iyo, pakuti mbiri yace inayambira pa njinga yakapalasa yonga imene yatsamira pa khoma la nyumba zathu, ndiponso iri ndi phunziro kwa anyamata athu amene masiku ano akuyendetsa mithuthuthu m'midzi.

Dzina lakuti Superleggera m'cilankhulo ca ku Italy litanthauza cinthu copepuka koposa. Njinga imeneyi isanathiridwe petulo ndi mafuta ena imalemera makilogalamu 159. Kunena mwa cimunda, ndiko kulemera kwa matumba atatu a cimanga a makilogalamu 50, kuonjezapo kadengu kamodzi. Koma injini imene anaikamo ndi ya masilinda anai, ndipo mphamvu yace amaiyerekeza ndi ya akavalo 224, kuposa ya magalimoto ambiri onyamula anthu amene timakwera popita ku Chipata kapena ku Lusaka. Isanabwere imeneyi kunali zinzace ziwiri za dzina lomweli, ya mu 2014 yolemera makilogalamu 155 ndi ya mu 2017 yolemera makilogalamu 156, ndipo pa mtundu uliwonse anapanga 500 cabe.

Cimene cimandicititsa cidwi ndico njira imene amisiri anatsata kuti acotse kulemera. Ife tinazolowera kuganiza kuti cinthu colimba ciyenera kukhala colemera, cifukwa cace pogula khasu kapena mphika timayamba taunyamula kuti timve citsulo cace. Amisiri a ku Bologna anakana citsulo pa mbali zikuluzikulu za njingayi. Thupi lace, mawilo ace, mkono wogwira wilo lakumbuyo ndi zophimba zace anazipanga ndi cinthu cochedwa carbon fibre. Uwu ndi ulusi wakuda woonda kuposa tsitsi la munthu, umene amauluka ngati nsalu, naunyika mu utomoni, nausanja m'cikombole, kenaka nauumitsa ndi kutentha. Amai oluka nsengwa ndi abambo osoka mphasa angamvetse msanga cinsinsi cace: nsungwi imodzi yong'ambidwa imathyoka ndi zala, koma ikalukidwa mopingasa ndi zinzace imasenza katundu wolemera. Mmisiri amasankha kumene ulusi uloze, kuti mphamvu ikhale pokhapo pamene ifunika. Pofuna kutsimikiza kuti m'kati mulibe mng'alu, amaunika zipangizozo ndi makina onga amene madokotala amaonera m'thupi mwa wodwala.

Pa malo ena anagwiritsa nchito titanium, citsulo colimba koma copepuka kuposa citsulo wamba, ndipo ndi codula cifukwa cimavuta kuyenga ndi kusula. Paipi yotulutsa utsi ndi ya titanium, ngakhale mabauti ena ndi a titanium. Bauti limodzi lingapulumutse magalamu owerengeka cabe, koma akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Pano mwambiwo wagwira nchito cobwerera: anaphungula mtolo pocotsa kamtengo kamodzikamodzi. Apa ndi pamene pagona mtengo wace waukulu. Kuonjezera citsulo kuti cinthu cilimbe n'kosavuta ndipo n'kochipa. Kucotsa citsulo koma cinthu n'kukhalabe colimba kumafuna maphunziro, kuyesa kwa nthawi yaitali ndi manja odekha.

Wina angafunse kuti kupepuka kuli ndi phindu lanji. Yense amene anatsikapo citunda pa njinga yakapalasa atamanga matumba awiri a makala kumbuyo adziwa yankho lace. Njinga yolemedwa imacedwa kunyamuka, imakana kukhota, ndipo ukagwira buleki imapitirirabe. Pa mpikisano wa liwiro zinthu zitatu zimenezi ndizo zimasiyanitsa wopambana ndi wotsalira. Koma kupepuka nako kuli ndi bvuto lace. Mphamvu ikacuruka pa cinthu copepuka, wilo lakutsogolo limafuna kunyamuka pansi. Cotero amisiri anaika timapiko m'mbali mwace, tonga ta ndeke koma totembenuza, kuti mphepo izikanikiza njinga pansi. Pa liwiro la makilomita 270 pa ora, timapikoto timapanikiza ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 50. Ndinaseka nditamva zimenezi: anthu anataya cuma cambiri kucotsa kulemera, kenaka anapempha mphepo kuti iwasenzetse thumba lathunthu la cimanga. Koma m'menemo muli nzeru, pakuti thumba la mphepolo limabwera pokhapo pamene lifunika, ndipo liwiro likacepa limacoka lokha.

Tsono tibwerere kumene fakitale imeneyi inacokera. Inayambitsidwa m'caka ca 1926 ndi Antonio Cavalieri Ducati pamodzi ndi ana ace atatu, Adriano, Bruno ndi Marcello, ndipo poyamba inali kupanga tizipangizo ta mawailesi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu October 1944, ndeke zinaponya mabomba pa fakitaleyo ndi kuigumula. Nkhondo itatha, anthu a ku Italy anali pa umphawi waukulu. Miseu ndi njanji zinali zoonongeka, galimoto inali ya anthu owerengeka, ndipo wanchito wamba anali ndi njinga yakapalasa basi. M'caka ca 1946 Ducati inayamba kupanga kainjini kakang'ono kamene anakakonza munthu wa ku Turin dzina lace Aldo Farinelli. Kanali ka masisi 48 cabe, ndipo munthu anali kukamangirira pa njinga yace yomwe ija. Anakacha Cucciolo, ndiko kuti kamwana ka garu, cifukwa ca kulira kwace. Kanali kumwa petulo pang'ono kwambiri, ndipo tinainjini toposa 200,000 tinagulidwa.

M'caka ca 1954 kunabwera injiniya wochuka, Fabio Taglioni, amene anabweretsa njira yochedwa desmodromic. Mu injini muli timakomo timene timatseguka kulowetsa mpweya ndi petulo ndi kutulutsa utsi. M'mainjini ambiri timakomoti timatsekedwa ndi sipuling'i, ndipo masiku amenewo injini ikathamanga kwambiri sipuling'i inali kulephera kubwerera pa nthawi yace. Taglioni anaika kamkono kacitsulo kotsegula ndi kena kotseka. Njira imeneyi iri mu Superleggera V4, ndiponso inali m'njinga zimene Casey Stoner anapambanira mpikisano wa dziko lonse wa MotoGP mu 2007, ndi Francesco Bagnaia mu 2022 ndi 2023. Kuyambira 2012 fakitaleyi inalowa m'manja mwa kampani ya magalimoto ya Audi ya ku Germany, koma nchito yopanga njinga inakhalabe ku Borgo Panigale.

Ndikaika zinthu ziwirizi pamodzi, kainjini ka anthu 200,000 ndi njinga ya anthu 500, mtima wanga umafunsa kuti kodi capambana ndi citi. Kupanga 500 cabe si cifukwa cakuti fakitale yatopa. Ndi malonda. Munthu wacuma amalipira kuti akhale ndi cimene mnzace alibe, ndipo nambala yolembedwa pa njingayo ndiyo imamuuza kuti iye ali m'kagulu kocepa. Ena mwa ogula zinthu zotere amazisunga m'nyumba ngati cithunzi ca pa khoma, poopa kuti zingatsike mtengo. Ine sindiona ulemu pa njinga imene siyenda. Bambo anga anali ndi njinga yakapalasa yolemera, ya citsulo cakuda, imene inanyamula mbeu, feteleza, ana odwala ndi uthenga wa maliro kwa zaka zambiri. Pa muyeso wa nchito imene cinthu cagwirira anthu, njinga yonga imeneyo pamodzi ndi Cucciolo ziri patsogolo.

Koma sindifuna kunyoza amisiri a Superleggera, pakuti nchito yao iri ndi malo ace. Nzeru zambiri zimayesedwa coyamba pa zinthu zodula ndi pa mipikisano, ndipo zikakhwima zimatsikira ku zinthu za anthu wamba. Mabuleki a mbale, amene kale anali a magalimoto a mpikisano ndi njinga zodula, lero amapezeka pa njinga zamoto zambiri zochipa. Cinanso, fakitale imene inagumulidwa ndi mabomba inayambiranso pa kanthu kakang'ono kamene anthu ace anali kukasowa, ndipo inakwera pang'onopang'ono kufikira dziko lonse linaidziwa. Kanthu n'khama. Mnyamata wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa msika asadzione wacabe, cifukwa umisiri umayambira pa kudziwa bwino cinthu cimene anthu a kwanu amagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku.

Mau anga otsiriza apite kwa anyamata oyendetsa njinga zamoto, zimene ambiri kwathu kuno timangozicha honda. Mumaona zithunzi za mipikisano pa foni, othamanga atapendeka pokhota mpaka bondo kukhudza pansi, ndipo mtima umalakalaka kucita cimodzimodzi. Yang'anitsitsani zithunzizo. Munthu uja wabvala cipewa colimba cophimba mutu wonse, cobvala ca cikopa kucokera m'khosi kufika ku akakolo, magolovesi ndi nsapato zazitali. Ogula Superleggera V4 anapatsidwa mwai wogulanso cobvala ca cikopa cokhala ndi thumba la mpweya limene limafufuma munthu akagwa. Bwalo limene amathamangiramo ndi losalala, lochingidwa, lopanda mbuzi, ngolo kapena ana a sukulu, ndipo ambulansi imakhala ikudikira pambali. Mseu wa kwathu uli ndi mcenga, maenje ndi ng'ombe, ndipo cipatala ciri kutali.

Dziwaninso ici, cimene ciri coona pa njinga ya madola 100,000 ndi pa yanu yomwe: mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene njinga ifuna kuti iime umawirikiza kanai. Mukakweza anthu atatu ndi thumba la ufa, mwaonjezera kulemera kumene amisiri a ku Italy anabvutika zaka zambiri kuti akucotse, ndipo buleki yanu sinapangidwire katundu wotero. Lamulo la dziko lathu lifuna kuti woyendetsa ndi wokwera abvale cipewa coteteza mutu. Makolo, mafumu ndi aphunzitsi, tiwakumbutse ana athu zimenezi, ndipo ife okwera tikane kukwera pamene cipewa palibe. Mai amene wakwera kumbuyo kwanu ndi mwana kumsana sanalipire kuti aone liwiro. Walipira kuti akafike ku cipatala, ndipo madzulo abwerere kwa ana ace ali wamoyo.