Mlonda wachitsulo amagona m'kanema, kutchire sagona

M'makanema a nkhondo muli chizolowezi chimodzi chimene anyamata athu sachifunsa. Chombo cha adani chimakhala chachikulu ngati phiri, chodzaza ndi mizinga yolozedwa ndi makina. Mizingayo imalavula moto mbali zonse, koma kandege kamodzi ka mwini filimu kamadutsa pakati pa motowo osapsa ngakhale phiko. Anyamata amaomba m'manja, natuluka akuuzana kuti makina ndi opusa.

Ku Angónia kuli mkulu wina amene chizolowezichi sichim'komera. Iye ndi mlonda pa golosale ina, ndipo poti nyumba yoonetseramo kanema ili pafupi, mafilimu ambiri adawaonera ali chiimire pakhomo, asanayambe ntchito ya usiku. Zaka za nkhondo adakhala ku Dedza monga wothawa kwawo, nabwerera pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pokhala mlonda, iye poonera kanema maso ake sakhala pa ngwazi imene ikulowa. Amayang'ana amene adaikidwa kuti alondere, nadzifunsa kuti kodi walephera bwanji.

Filimu imene imam'patsa maganizo kwambiri ndi Star Wars ya 1977. M'menemo muli chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Death Star, chachikulu ngati kamwezi. Mizinga yake idapangidwira zombo zikuluzikulu, choncho tindege tating'ono timaizemba. Tindegeto tikufuna kuponya bomba m'kabowo ka mamita awiri. Woyamba aponya modalira kompyuta, naphonya. Mnyamata Luke Skywalker azimitsa kompyuta yake, nalasa pomwepo. Mu Battlestar Galactica ya 2003 adani alowerera makompyuta a zombo zatsopano, zombozo n'kungoti zii osaombera, ndipo chimene chipulumuka ndi chombo chakale chimene makompyuta ake sadalumikizidwe pamodzi.

Mkuluyu amati zimenezi sizachilendo, ndi nthano ya Kalulu pa chitsime. Nyama zidakumba chitsime, Kalulu adakana kukumba nawo, ndipo alonda amene ankaikidwa pachitsimepo Kalulu ankawapusitsa mmodzimmodzi. Mlonda woyamba akadam'gwira tsiku loyamba lomwelo, agogo akadati bwanji kwa ana amene akhala kale pansi kudikira nthano? Wopeka filimu nayenso ali pa vuto lomweli. Makina akagwetsa tindege tonse patali, filimu yatha isanayambe, ndipo palibe munthu angalipire pakhomo kuti akaone chitsulo chikupambana. Ndiye wopekayo amagoneka mlonda wachitsulo dala, kuti munthu wamagazi apeze ntchito.

Mphwake wa mkuluyu ndi mphunzitsi, ndipo ndiye adam'fotokozera za zombo zenizeni zapanyanja. Zombo zankhondo za America zili ndi mfuti yotchedwa Phalanx, imene idayamba ntchito mu 1980. Mfutiyi ili ndi rada yakeyake, imatsata yokha mzinga umene ukubwera, ndipo yamakono imatha kulavula zipolopolo 4,500 pa mphindi imodzi. Mu Januwale 2024, pa Nyanja Yofiira, mfuti yotere ya pa chombo cha USS Gravely idaphwanya mzinga wochokera ku Yemen utatsala pang'ono kufika. Pamenepo mlonda wachitsulo adagwira ntchito yake.

Nanga pamene zidalephereka, chidavuta n'chiyani? Pa 17 Meyi 1987 ndege ya Iraq idaponya mizinga iwiri ya Exocet pa chombo cha USS Stark, ndipo amalinyero 37 adafa. Phalanx idalipo, koma sidaombere ngakhale chipolopolo chimodzi, pakuti anthu adali asanaitchere kuti iombere yokha. Pa 3 Julayi 1988 chombo cha USS Vincennes chidagwetsa ndege ya anthu wamba ya Iran Air, ndipo anthu 290 adathera pomwepo. Makina a chombocho adalemba zoona, kuti ndegeyo inkakwera, koma anthu amene adali pa makinawo, mitima ili m'mwamba, adakhulupirira kuti ikutsika kudzawaphulitsa. Mu 1996, pa zoyeserera za nkhondo, Phalanx ya pa chombo cha Japan idagwetsa ndege ya America imene inkakoka chandamale, m'malo mwa chandamalecho. Mwamwayi oyendetsa ake adapulumuka.

Atamva zonsezi mkuluyu adati kanema amanama pawiri. Amanama kuti makina amaphonya nthawi zonse, ndiponso amabisa choopsa chenicheni. Chitsulo chimachita chimene adachitchera. Ukachisiya chosatchera sichidzuka chokha, ndipo ukachitchera sichifunsa kuti wabwerayo ndi mdani kapena mbale. Aliyense amene adatcherapo diwa kumunda amadziwa kuti diwa siliyang'ana nkhope: likagwa lagwa, kaya ndi mbewa kaya ndi mwanapiye wa mwini munda.

Apa m'pamene nkhaniyi imam'khudza mtima, pakuti anthu a m'malire muno mlonda wachitsulo amam'dziwa kuposa opanga mafilimu. Mabomba okwirira pansi nawonso ndi mlonda woikidwa kuti alondere mwini wake palibe. Adakwiriridwa mozungulira damu la Cahora Bassa, m'malire a Zimbabwe, m'mphepete mwa milatho ndi pa nsanamira za magetsi. Asilikali adatula mfuti, othawa kwawo adabwerera, koma mabombawo sadamve kuti nkhondo yatha. Adapitiriza ulonda wawo pa amayi opita kunkhuni, pa ana obusa ng'ombe ndi pa alimi otsegula mashamba atsopano. Mkuluyu akaona munthu woyendera ndodo mwendo umodzi palibe, amakumbukira kuti palibe ngwazi imene idadutsa pamalo otere chifukwa cha kulimba mtima. Amene adawachotsa adachita kukwawa ndi maondo, kufufuza dothi pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Bungwe la HALO Trust lokha lidachotsa mabomba oposa 171,000, ndipo mu Seputembala 2015 boma la Mozambique lidalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa, patapita zaka pafupifupi 23 chisainireni mtendere.

Mkuluyu sadana ndi kanema, ndipo saletsa mwana aliyense kukaonera. Nthano ili ndi malo ake, Kalulu ayenera kumwa madzi kuti ana aseke. Chimene iye amaopa ndi mwana amene sadaione nkhondo, amene waphunzira pa kanema kuti chida chimaphonya munthu wochenjera ndi wothamanga. Malo odziwika adayeretsedwa inde, koma nthaka ndi yaikulu, ndipo mvula ndi khasu nthawi zina zimafukula zotsala za nkhondo. N'chifukwa chake adzukulu ake amawauza mobwereza kuti akapeza chitsulo chachilendo kutchire kapena kumunda asachigwire, asachigende, asachitengere kwa ogula zitsulo. Abwerere m'mapazi momwe adadzera, akauze amfumu kapena apolisi. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa chitsulo chotere wosafunsa sapatsidwa mpata wofunsa mawa.